Malangizo Osankhila ndi Kuseŵenzetsa Blenda Yamphamvu Panyumba

Malangizo awa alembedwela munthu amene afuna kugula blenda yamphamvu yoti aziseŵenzetsa m'khichini tsiku ndi tsiku, koma wasoŵa poyambila poona kuti bokosi lililonse lili ndi manambala akuluakulu. Blenda yamphamvu imene ikunenedwa pano ndi ija imene mota yake imakoka mawati pafupifupi 1,000 kapena kuposelapo, imene imatha kuphwanya aisi, kupela nsawa zokazinga mpaka zitatuluka mafuta, ndi kusalalitsa masamba ndi tinjele ta zipatso kuti tisamvekenso pa lilime. Nambala ya pa bokosi payokha siikwanila kukuuzani mmene makinawo adzakutumikilani, cifukwa mota, jagi ndi mipeni zimagwilila nchito pamodzi, ndipo cimodzi cikakhala cofooka, mphamvu ya zinazo imangopita pacabe.

Yambani ndi kutembenuza makinawo n'kuŵelenga kacikwangwani kamene kamamatidwa kunsi kwa mota, pakuti pamenepo ndi pamene wopanga amalemba mavoti ndi mawati enieni. Mawati amenewo amaonetsa magetsi amene mota imakoka kucokela pa soketi, ndipo mphamvu imene imafika pa mipeni imakhala yocepelapo, popeza gawo lina limatayika ngati kutentha ndi phokoso. Makampani ena amakonda kulemba "peak horsepower" pa bokosi, kutanthauza mphamvu yapamwamba kwambili imene mota ingafikepo. Horsepower imodzi ndi mawati 746, kotelo kuti blenda yolembedwa kuti ili ndi horsepower 3 ingaoneke ngati imapeleka mawati opitilila 2,200. Koma muyezo umenewu umatengedwa pa kamphindi kocepa kwambili poyesa mota, ndipo makinawo sangaisunge mphamvuyo pamene akugaya cakudya. Mwacitsanzo, Blendtec Total Blender imatsatsidwa ndi peak horsepower 3 pamene mawati ake olembedwa ndi 1,560, ndipo Vitamix 5200 imatsatsidwa ndi peak horsepower pafupifupi 2, koma pogwila nchito makina aŵiliwa amapikisana mofanana ndithu. Conco poyelekezela, ikani mawati pambali pa mawati anzake, ndipo musalole kuti kusiyana kwa mawati 200 kapena 300 kukhale cifukwa cokha cosankhila.

Pa kacikwangwani komweko onetsetsani mavoti. Makina opangidwila ku United States ndi ku Canada amayendela mavoti 120, pamene maiko ambili a mu Africa ndi ku Ulaya amaseŵenzetsa mavoti 220 mpaka 240. Blenda ya mavoti 120 ikalumikizidwa ku soketi ya mavoti 230, mota imapsa nthawi yomweyo, ndipo kaadaputala kosinthila maonekedwe a pulagi sikasintha mavoti ngakhale pang'ono. Anthu amene amaoda katundu pa intaneti kapena kutumizilidwa ndi acibale akunja ayenela kusamala kwambili pa mfundo imeneyi, cifukwa walanti, imene ndi lonjezo la wopanga lakuti adzakonza kapena kusintha makina akaonongeka, siilipila kuonongeka kotele. Amene amadalila inveta kapena jeneleta akumbukile kuti mota imakoka magetsi oculuka kuposa olembedwa pa kamphindi kamene ikuyamba kuzungulila, motelo gwelo la magetsi liyenela kukhala lokulilapo ndithu kuposa mawati a blendayo. Koma za kutha kwa magetsi musade nazo nkhawa, pakuti blenda ya mawati 1,500 ikagwila nchito mphindi ziŵili imangodya 0.05 kWh, kamene ndi kagawo kocepa kwambili ka yuniti imodzi ya magetsi.

Jagi ndiyo mbali imene ogula ambili saiyang'anitsitsa, komabe ndi imene imaonetsa kusiyana kwenikweni pakati pa makina. Mipeni ikamazungulila, zakudya ziyenela kukwela m'mbali mwa jagi n'kugwelanso pakati kuti zibwelele ku mipeni, ndipo kuzungulila kumeneku kumadalila maonekedwe a jagiyo. Jagi yaitali yocepa kunsi imakokela zakudya pansi mosavuta, ndipo imagaya bwino ngakhale mwaikamo kapu imodzi yokha. Jagi yaifupi yotakata kunsi imakwana pansi pa makabati a pakhoma ndiponso imakokoleka msanga, koma imafuna kuti muikemo zinthu zoculukilapo. Mukaikamo zocepa, mipeni imangozimwaza m'mbali n'kumazungulila pa mphepo. Banja la anthu aŵili limene limapanga cakumwa cocepa m'maŵa lidzakhumudwa ndi jagi yotakata ya malita aŵili, ngakhale mota yake ikhale yamphamvu motani.

Makampani anatenga njila zosiyana pothetsa vuto limeneli. Vitamix, kampani ya ku Ohio imene inayamba mu 1921, imaseŵenzetsa mipeni ya nsonga zinayi pamodzi ndi ndodo yapulasitiki yokankhila zakudya, imene imaloŵa pa boo la civindikilo ndipo inapangidwa moti singafike pa mipeni malinga ngati civindikilo cili pamalo pake. Blendtec, ya ku Utah, imaseŵenzetsa mpeni umodzi wokhuthala wobuntha wa mapiko aŵili mu jagi ya makona, ndipo imadalila liŵilo ndi makonawo kuti zakudya zizigwa zokha. Mablenda ambili a Ninja ali ndi mipeni yakuthwa yosanjikizana pa mtengo woima pakati pa jagi. Mipeni yotele imaphwanya aisi mofulumila kwambili, koma kaŵilikaŵili siisalalitsa masamba ndi tinjele ngati mitundu iŵili yoyambayo, ndiponso siimangika ku jagi, motelo ingagwe pothila ndi kuceka munthu ngati civindikilo cacotsedwa mpeniwo ukali momwemo. Kwa munthu amene amagaya zinthu zolimba ngati phala, monga nsawa zopaka pa buledi kapena zipatso zoundana zopanda madzi ambili, ndodo yokankhila ndi yofunika kuposa mawati owonjezela. Pa nchito yotele pamapangika mpata wa mpweya pamwamba pa mipeni, mumamva mota ikulila mokwela koma zakudya zili cikhalile, ndipo popanda ndodoyo muyenela kuzimitsa, kutsegula ndi kuvundula mobwelezabweleza. Musaloŵetsemo supuni kapena mthiko makina akuzungulila.

Majagi ambili a blenda zamphamvu amapangidwa ndi pulasitiki yolimba yochedwa Tritan, imene kampani ya Eastman inayamba kugulitsa mu 2007 ndipo ilibe BPA, mankhwala a m'mapulasitiki ena amene anthu amaopa kuti angaloŵe m'cakudya. Ndi yopepuka ndipo siisweka msanga, koma imakandika ndi kucita mbuu mukamapelelamo zinthu zouma monga tiligu, khofi kapena zokometsela zolimba. Ndiye cifukwa cake makampani ena amagulitsa jagi yapadela ya zouma. Galasi silisunga fungo, koma ndi lolemela ndipo lingasweke ndi cinthu colimba cothamangitsidwa ndi mipeni imene imazungulila maulendo oposa 20,000 pa mphindi imodzi, motelo silipezeka kaŵilikaŵili pa makina othamanga kwambili. Jagi yacitsulo imakhalitsa, kungoti simuona mmene zinthu zikuyendela mkati.

Pali mtundu wina umene uyenela kuikidwa paokha, ndiwo blenda ya kapu yotembenuza, monga NutriBullet ya mawati 600 ndi ya mawati 900. Mumadzaza kapu, kumangapo mipeni ngati civindikilo, n'kuitembenuza pa mota. Ndi yabwino kwa munthu mmodzi, imatenga malo ocepa, ndipo imatsukika mosavuta. Koma kapuyo imatsekeka kothelatu popanda potulukila mpweya, kotelo kuti zinthu zotentha, zakumwa za gasi ndi zinthu zofufuma siziyenela kuikidwamo. Nthunzi ikaculuka mkati, kapu ingaphulike kapena kutseguka mwamphamvu, ndipo munthu angapse kapena kucekedwa ndi mipeni. Ngakhale ndi zinthu zozizila, malangizo a makina otele amaletsa kugaya kupitilila mphindi imodzi mosalekeza, cifukwa kukhulana kwa mipeni ndi zakudya kumatenthetsa zamkati. Musadzaze kupitilila mzele wolembedwa MAX, ndipo ngati kapu yafunda m'manja mwanu, idikileni izizile musanaitsegule.

Kutentha komweko kumakhala phindu pa blenda ya jagi yokhala ndi civindikilo copumila. Pa liŵilo lapamwamba, makina monga Vitamix amatha kufunditsa supu yozizila mpaka kutuluka nthunzi m'mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi, popanda waya wotenthetsela. Pogaya zinthu zimene zatentha kale, musapitilize theka la jagi, onetsetsani kuti mpweya uli ndi potulukila pa civindikilo, yambani ndi liŵilo lotsika kwambili ndipo muzikweza pang'onopang'ono, nkhope ndi manja zili kutali ndi nthunzi. Apa ndi pamene kabatani kosinthila liŵilo pang'onopang'ono kamaonetsa ubwino wake. Blenda imene imayamba ndi liŵilo lalikulu nthawi imodzi imaponya madzi otentha m'mwamba n'kukankha civindikilo. Mapulogalamu odziyendetsa okha ndi othandiza kwa munthu wotanganidwa, koma ngati muyenela kusankha cimodzi, sankhani makina amene liŵilo lake lotsika ndi lotsikadi.

Musanagule, nyamulani jagi n'kuyang'ana pamene imalumikizana ndi mota. Pamenepo pali timano timene timapeleka mphamvu ku mipeni, ndipo pa makina olimba timano ta mbali zonse ziŵili timakhala tacitsulo, pamene pa makina osalimba timakhala tapulasitiki ndipo timatha msanga pophwanya aisi tsiku ndi tsiku. Zunguzani mpeni ndi dzanja kucokela kunsi kwa jagi. Uyenela kuyenda mosalala popanda kugwedela kapena kukhulika. Pa makina amene aseŵenzetsedwa kale, madzi akuda kapena mafuta otuluka kunsi kwa jagi amaonetsa kuti mabeling'i, tizitsulo timene timathandiza mpeni kuzungulila mosalala, atha, ndipo mipeni yonse pamodzi ndi pokhalapo pake iyenela kusinthidwa makinawo asanagwilenso nchito. Funsaninso ngati timano, mipeni, civindikilo ndi jagi zimagulidwa pazokha, pakuti blenda imene ziwiya zake sizipezeka imatha nchito tsiku limene kanthu kamodzi kakang'ono kathyoka, mota ikali yabwinobwino.

Blenda yabwino imakhala ndi citetezo cimene cimazimitsa mota ikatentha mopitilila. Zikatelo makinawo sanaonongeke. Zulani pulagi, cepetsani zimene zili mu jagi, ndipo dikilani nthawi imene buku la malangizo lanena, imene pa makina ena imafika mphindi 45. Anthu ambili amaganiza kuti liŵilo lotsika limateteza mota, koma pa makina amene fani yozizilitsa imazungulila pamodzi ndi mota, kugaya zinthu zolimba pa liŵilo lotsika kwa nthawi yaitali ndi kumene kumatenthetsa kwambili, cifukwa mota ikuvutika pamene mphepo yoizizilitsa ili yocepa. Njila yoyenela ndi kuyamba pansi, kukwela msanga kufika pa liŵilo lapamwamba, ndi kumaliza nchitoyo m'nthawi yocepa. Musachinge maboo a mpweya a kunsi kwa mota ndi nsalu. Dongosolo loikila zakudya limathandizanso. Mu jagi, madzi amayamba, kenako zofewa, masamba, ndipo zoundana ndi aisi zimakhala pamwamba kuti kulemela kwake kukankhile zina pansi. Mu kapu yotembenuza dongosololi limasinthidwa, popeza zimene mwaika pomaliza ndizo zimayamba kukhudza mipeni.

Phokoso silingapeŵedwe, ndipo blenda zambili zamphamvu zimapitilila madesibelo 85 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso) zikafika pa liŵilo lapamwamba. Poyelekezela manambala, dziŵani kuti kusiyana kwa madesibelo 10 khutu limakumva ngati phokoso lawilikiza kaŵili, motelo si kusiyana kwakung'ono m'nyumba mmene muli khanda kapena wodwala. Kamphasa kalabala kokhuthala pansi pa mota kamacepetsako kunjenjemela kwa tebulo. Pimaninso utali wa malo amene mudzaikapo makinawo, cifukwa Vitamix 5200 ndi jagi yake imatalika masentimita pafupifupi 52, pamene m'makhichini ambili mpata wa pakati pa tebulo ndi kabati umacepela pamenepo. Izi zingaoneke zazing'ono, koma makina olemela amene amasungidwa m'kabati ndi kutulutsidwa nthawi iliyonse sacedwa kuiŵalika.

Potsuka, thilani madzi ofunda mpaka theka la jagi, donthezanimo sopo pang'ono, tsekani, ndi kuyendetsa makina pa liŵilo lapamwamba kwa masekondi 30 mpaka 60, kenako tsukuluzani ndi kuyanika jagiyo covundikila. Citani zimenezi mukangomaliza kugaya, zotsalila zisanaume kunsi kwa mipeni. Musaviike jagi m'madzi usiku wonse, pakuti madzi amaloŵa m'mabeling'i, ndipo mbali ya mota ingopukutidwa ndi nsalu yonyowa pulagi itazulidwa. Ana asaseŵenzetse makinawa popanda wamkulu.

Walanti imasiyana kwambili, kuyambila caka cimodzi pa makina ambili mpaka zaka zisanu ndi ziŵili pa Vitamix 5200 ndi zaka khumi pa mitundu ina yatsopano ya kampaniyo. Ŵelengani ngati imakhudza mota yokha kapena jagi ndi mipeni zomwe, ndipo tsimikizani kuti imagwila nchito m'dziko limene mukhala, cifukwa makampani ambili amailemekeza m'dziko limene makinawo anagulidwa basi. Pafupifupi walanti iliyonse ya blenda ya panyumba imatha mphamvu makinawo akaseŵenzetsedwa pa malonda, conco amene afuna kugulitsa zakumwa afunse mtundu wopangidwila nchito imeneyo. Sungani lisiti pamodzi ndi buku la malangizo, ndipo lembani padela nambala ya makina imene ili pa kacikwangwani ka kunsi, popeza zilembo za pamenepo zimafufutika m'kupita kwa zaka ndipo wokonza adzaifuna poitanitsa ziwiya.