Mmene mungayesere mphamvu ya mgwirizano wa chitetezo pakati pa mayiko

Pa 14 Ogasiti 2001, atsogoleri a mayiko a SADC anasaina muno mu Blantyre pangano lokhudza ndale ndi chitetezo. Panganoli ndi limene linaika dongosolo la nthambi ya chitetezo ya SADC, yomwe patapita zaka inakonza zotumiza asilikali ku Mozambique mu 2021 ndi ku DRC kumapeto kwa 2023. Inu aphunzitsi, ophunzira a m'makoleji, atolankhani ndi amene mumatsogolera zokambirana m'madera mumafunsidwa kawirikawiri kuti dziko losauka ngati lathu limalowereranji m'magulu otere. Kungoyankha kuti ndi ubale sikukhutiritsa munthu. Mgwirizano wa chitetezo uli ndi ziwalo zake, ndipo chiwalo chilichonse chingathe kuyesedwa.

Yambani ndi chimene mayikowo akuopa

Katswiri wa ku America, Kenneth Waltz, ankaphunzitsa kuti popeza kulibe boma lolamulira maboma onse, dziko lililonse limadziteteza lokha, ndipo likaona lina likukula mphamvu limafunafuna anzake oti agwirane nawo manja. Mu 1987 Stephen Walt anaiwongola mfundoyi, nati mayiko amayang'ana chiopsezo, osati kukula kwa mphamvu kokha. Anapereka zoyesera 4: mphamvu zonse za dzikolo monga anthu, chuma ndi mafakitale, kuyandikira kwake, zida zake zoukirira ena, ndi zolinga zimene likuonetsa. N'chifukwa chake mu 1949 mayiko a kumadzulo kwa Ulaya anathamangira ku dziko la America, lomwe linali lamphamvu kuposa onse, poopa Soviet Union yomwe inali pakhomo pawo.

Tengani pepala, lembani mayiko onse a m'gululo, ndipo pambali pa lililonse lembani chimene likuopa. Mayankho akafanana, gululo lingapirire. Akasiyana kwambiri, yembekezani mkangano tsiku lotumiza asilikali. Kwa Malawi yankho silivuta, chifukwa tilibe doko. Mafuta, feteleza ndi zipangizo za m'mafakitale a ku Makata ndi ku Chirimba zimadzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji m'zaka za m'ma 1980, katundu ankazungulira mpaka ku Durban pa mtengo wokwera, othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni analowa muno, ndipo asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala. Chimene chimatisowetsa tulo ndi chisokonezo kwa oyandikana nafe.

Werengani ndime ya lonjezo mpaka kumapeto

Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Anamva kuti mu NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi kumpoto kwa America, kuukira mmodzi ndi kuukira onse, n'kuyesa kuti dziko lililonse limakakamizika kulowa m'nkhondo. Ndime 5 ya pangano la ku Washington la pa 4 Epulo 1949, lomwe linakhazikitsa NATO, imanenadi zimenezo, koma imapitiriza kuti dziko lililonse lidzathandiza pochita zimene lokha laona kuti n'zofunika, kuphatikizapo kugwiritsa ntchito asilikali. Mawu amenewa anawaika dala, popeza nyumba ya malamulo ya ku America sinkafuna kutaya mphamvu yake yogamula za nkhondo. Ndime 6 imaika malire a dera, ndiye pamene Argentina inalanda zilumba za Falkland mu 1982, Britain sinathe kuitana NATO. Ndime 5 yagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, zigawenga zitaukira America pa 11 Sepitembala 2001.

Pangano lotetezana la SADC, lomwe linasainidwa ku Dar es Salaam mu Ogasiti 2003, lili ndi khomo lofanana. Ndime 6 imati kuukira dziko limodzi ndi chiopsezo ku mtendere wa chigawo chonse ndipo mayiko adzachitapo kanthu limodzi mwamsanga, kenako n'kunena kuti dziko lililonse lidzatenga mbali m'njira imene laona kuti n'koyenera. Kutumiza mabulangete nakonso kungatchedwe kutenga mbali.

Musafulumire kunena kuti mapanganowa ndi mapepala chabe. Brett Ashley Leeds ndi anzake anaunika mapangano a chitetezo a zaka zambiri, poyerekeza zimene mayiko analonjezadi ndi zimene anachita nkhondo itabuka, ndipo anapeza kuti pafupifupi 75 pa 100 aliwonse anasungidwa. Chinsinsi chake n'chakuti maboma amalemba malonjezo opapatiza, oti angawakwanitse. Choncho pa pangano lililonse fufuzani kuti n'chiyani chimene chimadzutsa lonjezolo, limagwira dera liti, amagamula ndani, ndipo wofuna kutuluka amatuluka bwanji. Mu NATO, ndime 13 imalola dziko kutuluka patatha chaka chimodzi litapereka chidziwitso.

Funso loyambalo ndi limene limavuta kwambiri kuno kwathu. Mapangano ambiri analembedwa poganiza za dziko lina lodutsa malire ndi akasinja, pamene mavuto athu ambiri ndi a zigawenga za m'kati mwa dziko. Zikatero pamafunika chilolezo cha boma la dzikolo. Ziwawa za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zinayamba mu Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, koma asilikali a SADC anafika mu Julaye 2021, tawuni ya Palma itaukiridwa kale mu Malichi chaka chomwecho. Mwezi womwewo wa Julaye, dziko la Rwanda, lomwe si membala wa SADC, linafikitsa asilikali ake pa mgwirizano wa mayiko awiri okha.

Chifukwa chake amamanga maofesi

Kusaina pangano n'kotchipa. Chodula ndi likulu, alembi, akazembe okhala pamodzi chaka chonse, ndi akuluakulu a asilikali okonza mapulani. Nanga mayiko amavomereranji mtolo umenewu? NATO yeniyeniyo inayamba ngati pepala. Nkhondo ya ku Korea itabuka mu 1950 m'pamene mamembala anaona kuti lonjezo lopanda wolamula asilikali silingaopseze munthu, ndipo anasankha Dwight Eisenhower kukhala mkulu wa asilikali a gululo ku Ulaya. Udindo wa mlembi wamkulu unabwera mu 1952.

Robert Keohane ndi akatswiri a maganizo ake amafotokoza phindu lake motere. Mayiko okumana kawirikawiri amadziwana zolinga, wobisa kanthu amaonekera msanga, ndipo vuto likagwa sayambira pa kukambirana za amene akhale wapampando. Pali phindu lina looneka ndi maso. Asilikali a mayiko osiyana sangamenye nkhondo limodzi ngati mawailesi awo samvana, ngati zipolopolo za wina sizilowa m'mfuti ya mnzake, kapena ngati paipi ya mafuta sikwana pa ndege. NATO inagwirizana pa zipolopolo za mamilimita 7.62 kenako 5.56 pa chifukwa chimenechi. Zinthu zotere zimatenga zaka zambiri, ndipo zikangokhazikika palibe amene amafuna kuzitaya.

Pamenepa m'pamene pali yankho la funso limene ophunzira amalikonda: Soviet Union itatha mu 1991, NATO inatsaliranji? John Mearsheimer ndi Waltz ankayembekezera kuti ifota, popeza mdani anali atapita. Celeste Wallander anayankha mu 2000 kuti maofesi, njira zokambirana ndi luso logwirira ntchito limodzi zinali chuma choti chingasinthidwire ku ntchito zina, monga za ku Bosnia ndi ku Kosovo, ndipo kusunga bungwe lakale n'kotchipa kuposa kumanga latsopano. Gulu lomwe linayamba ndi mayiko 12 lili ndi 32 lero, Finland italowa mu 2023 ndi Sweden mu 2024. Yerekezani ndi SEATO ya kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, yomwe inakhazikitsidwa mu 1954 popanda asilikali okhazikika pansi pa mtsogoleri mmodzi, n'kutha mu 1977. Warsaw Pact, mgwirizano wa Soviet Union ndi mayiko a kum'mawa kwa Ulaya, inali ndi asilikali ochuluka, koma inkagwiridwa ndi mantha. Mu 1968 inaukira membala wake yemwe, Czechoslovakia, ndipo dzanja la Moscow litangofooka inatha mu 1991.

Poyesa SADC pa mfundo imeneyi, yang'anani zimene zilipodi. Likulu lili ku Gaborone, sukulu yophunzitsa zosungitsa mtendere ili ku Harare, ndipo gulu la asilikali okhala chire linakhazikitsidwa ku Lusaka mu 2007. Koma asilikaliwo amakhala m'mayiko mwawo mpaka ataitanidwa, ndipo ndege zonyamula katundu wolemera n'zochepa m'chigawo chino. Funsani kuti anachita liti zoyeserera limodzi komaliza, ndipo analipira ndani.

Ntchito yobisika: kuletsana okhaokha

Bungwe la chitetezo limatetezanso mamembala kwa anzawo a m'gulu lomwelo. Nthambi ya chitetezo ya SADC itakhazikitsidwa mu 1996, wapampando wake anali Robert Mugabe, ndipo panabuka kusamvana ndi Nelson Mandela pa nkhani yoti nthambiyo iziyima payokha kapena ikhale pansi pa msonkhano wa atsogoleri. Mu 1998 zinaonekera poyera. Zimbabwe, Angola ndi Namibia zinatumiza asilikali ku DRC, pamene South Africa ndi Botswana zinalowa mu Lesotho, mbali iliyonse ikutchula dzina la SADC. Pangano la ku Blantyre la 2001 linabwera kudzatseka mpata umenewu: nthambiyo inaikidwa pansi pa msonkhano wa atsogoleri, upampando unayamba kusinthana chaka ndi chaka, ndipo imatsogoleredwa ndi atsogoleri 3, wapampando, amene wangotula udindo ndi amene akubwera. Lamulo looneka lozizira limeneli ndi limene limaletsa dziko limodzi kuvala chipewa cha gulu lonse.

Kukhala m'gulu limodzi sikuthetsa mikangano. Greece ndi Turkey zinalowa NATO mu 1952 ndipo zinatsala pang'ono kumenyana pa nkhani ya Cyprus mu 1974. Ifenso ndi Tanzania tili mu SADC koma timasiyana pa za malire a nyanja, ndipo nkhaniyo itakula mu 2012 inapita kwa atsogoleri opuma motsogozedwa ndi Joaquim Chissano. Sinathe, koma inakhala pa tebulo.

Zimene zimaonongeka

Choyamba ndi kusonkha. Amene mumakhala ku Ndirande kapena ku Chilomoni mukudziwa kuti anyamata olondera usiku akamazungulira, ngakhale nyumba imene sinasonkhe imagona mwamtendere. Mancur Olson ndi Richard Zeckhauser anaonetsa mu 1966 kuti m'migwirizano ya mayiko zimachitikanso chimodzimodzi, wamkulu amasenza zambiri kuposa gawo lake. NATO inayesa kuchiza izi ndi nambala: mu 2014 ku Wales anagwirizana zolinga kuti ndalama za chitetezo zifike pa 2 peresenti ya chuma chimene dziko limapanga pa chaka, ndipo mu 2025 ku The Hague anakweza kufika pa 5 peresenti pofika 2035. Nambala imathandiza chifukwa wolephera amaonekera, koma siinena ngati ndalamazo zagula zinthu zothandiza gulu.

Chachiwiri anachifotokoza Glenn Snyder mu 1984. Membala aliyense amaopa zinthu ziwiri zotsutsana: kutayidwa tsiku la mavuto, ndi kukokeredwa ku nkhondo ya mnzake. Mukalimbitsa lonjezo kuti musatayidwe, mwakulitsa mpata wokokedwa. Mukalifewetsa kuti musakokedwe, anzanu nawonso akufewetserani. Dziko la Armenia linaimitsa kutenga mbali mu CSTO, mgwirizano wa chitetezo wotsogozedwa ndi Russia, mu 2024 podandaula kuti gululo silinalithandize pa mkangano wake ndi Azerbaijan. Kwa dziko laling'ono pali mtengo winanso umene James Morrow anautchula: chitetezo chochokera kwa wamkulu chimalipiridwa ndi gawo la ufulu wodzisankhira zochita.

Chachitatu ndi kupereka ntchito yoposa zida. Mu 2013 asilikali a Malawi, South Africa ndi Tanzania anali m'gulu lapadera la UN lomwe linathandiza kugonjetsa zigawenga za M23 kum'mawa kwa DRC, ali ndi ndalama za UN ndiponso mahelikopita ankhondo. Mayiko omwewo anabwerera ku DRC mu Disembala 2023 pansi pa SADC, ndalama zikudalira mamembala, chithandizo cha m'mlengalenga chili chochepa, ndipo M23 ili ndi thandizo la Rwanda malinga ndi akatswiri a UN. Mu Januwale 2025, pa nkhondo yolimbirana Sake ndi Goma, asilikali 3 a Malawi anali m'gulu la ophedwa. Pa 13 Malichi 2025 atsogoleri a SADC anathetsa ntchitoyo.

Tsono mukamva kuti asilikali athu akutumizidwa kwina, musalekere pa kufunsa ngati cholingacho n'chabwino. Funsani phungu wanu kapena mneneri wa boma kuti ntchitoyo yalembedwa kuti ndi yosungitsa mtendere kapena yomenya nkhondo, ndi ya miyezi ingati, bajeti yake yasonkhedwa kale kapena angolonjeza, ovulala adzanyamulidwa ndi ndege ya ndani, ndipo bwalo la ndege likatsekedwa asilikali adzatulukira kuti. Ku Goma bwalolo linatsekedwa, ndipo asilikali a SADC anatuluka pa msewu kudzera mu Rwanda kupita ku Tanzania.