Chiphaso chanu si khasu loti muzibwereketsa

Mwezi uno, monga mlangizi wa zaulimi, ndakhala ndikuthandiza makalabu a alimi kulemba mafomu a ngongole ya feteleza ndi mbewu, ndipo pali chinthu chandinyansa moti ndati ndilembe basi. Anthu akubwezedwa. Munda ali nawo, kulima amadziwa, koma akangolowetsa nambala ya chiphaso chaunzika mu kompyuta, kalaliki amangoti pepani bambo, dzina lanu lili ndi ngongole ina yosabweza. Munthu nkulumbira kuti chibadwire sanakongolepo ku banki. Ukafunsitsa umapeza nkhani ndi yomweyomweyo, anakatengera m'bale wake ngongole pa dzina lake, kapena anasainira mnzake ngati mboni osafunsa kuti akusainira chani.

Abale, zinthu zinasintha kalekale. Kale munkati mukathawa ngongole ku bungwe ili mumangopita ku linalo, iwo osadziwana. Pano kuli lamulo la Credit Reference Bureau la mu 2010, ndipo kuli makampani ngati Credit Data CRB omwe ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya momwe munthu amabwezera ngongole, pansi pa Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama amatumiza maina kumeneko, amafunsanso kumeneko asanakupatseni kanthu. Ndiye chibwerereni ziphaso zaunzika za bungwe la NRB mu 2017 nambala yanu ndi imodzi, kaya musamuke mudzi, kaya mutaye simu kadi, kaya muzitchedwa dzina la mfunda, nambala ija ikutsatani. Kompyuta sidziwa kuti ndalama anadya ndi alamu anu. Imadziwa amene anadinda chala.

Bambo ena a mu kalabu ina, sinditchula dzina, mlimi wabwino zedi, mizere yake ya chimanga mpaka timabweretsa anthu kudzaonera. Zaka ziwiri zapitazo mlamu wawo anabwera kuti alamu ndithandizeni, ine chiphaso chinatayika, mukanditengere ka loni ndiyambe geni ya kaunjika, ndizibweza ndekha mwezi ndi mwezi. Iwo kuopa kuti akazi awo adandaula anapita, anasaina, ndalama nkupereka pa khonde pomwepo. Mnyamata anabweza miyezi iwiri, wachitatu anakwera basi wa ku Joni, foni zii. Makalata achikumbutso ankabwera ndithu, bambowa amangowapinda nkusomeka ku denga, ati "si zanga izi, mwini wake adzabwera". Sabata yatha ndi amene anabwezedwa, anatuluka chipewa chili m'manja nkundifunsa kuti alangizi, ndiye ndithira chani chaka chino? Ine ndinasowa chowayankha.

Tawerengani zomwe ataya. Ngongole ija yakula chifukwa chiwongoladzanja sichinaime, kuphatikiza chindapusa chochedwa kubweza. Feteleza wokulitsa amafunika akhale m'nyumba mvula isanagwe, osati kumakasaka chimanga chitayamba kale chikasu, izi sindikuphunzitsani, mukudziwa. Ndiye munthu wobwezedwa amathera kuti? Kwa akatapila, kuja umatenga 50 sauzande nkukabweza mwina kawiri kake, kapena kugulitsiratu mbewu ili m'munda kwa mavenda pa mtengo wolira. Komanso ngongole zambiri za zipangizo zimaperekedwa pa gulu, mmodzi akakhala ndi dzina loipa anzake amayamba kumukana, ena mpaka gulu lonse kuchedwa, udani nkuyambika pa mudzi chifukwa cha munthu amene ali phee ku Joni.

Chimanditopetsa ndi mawu aja akuti "ndi wachibale, ndikanakana bwanji". Mbuzi yanu simuipereka kwa munthu osafunsa kuti abweza liti, njinga mumayamba mwaunika matayala ikabwera, koma chiphaso mumangotulutsa m'chikwama ngati mukupereka machesi. Enanso muli ndi kamtima kaja koti ngongole ikakhala yokhudza boma ndi mphatso, azaiwala pakabwera chisankho. Ine ndaona anthu akulira ndi maganizo amenewo. Ndipo musamati ine ku banki mkhonde ndimabweza bwino ndiye dzina langa ndi loyera, za ku banki mkhonde zimathera mu kope la gulu, sizifufuta zomwe zalembedwa ku bureau, kuja kosunga mbiri ya ngongole.

Ndiye ngati zakugwerani kale, mwachangu. Pitani komwe ngongoleyo inatengedwa, musawathawe, akuuzeni yatsala zingati ndipo mugwirizane zobweza pang'onopang'ono molemberana. Risiti iliyonse sungani mu pulasitiki, osati ku denga. Mukamaliza pemphani kalata yoti mwamaliza, muwauze akonze dzina lanu ku bureau, musangoganiza kuti zichitika zokha. Muli ndi ufulu wopempha kuona zomwe analemba za inu, ngati muli zabodza, mwina wina anagwiritsa ntchito chiphaso chanu inu osadziwa, kadandauleni, ndipo chiphaso chikatayika kaneneni ku polisi tsiku lomwelo. Kenako yambani ndi ka ngongole kochepa ku SACCO kapena bungwe lovomerezeka, muzibweza pa tsiku lake, mbiri yabwino nayo imalembedwa.

Lachinayi ndili pa ofesi ya zaulimi ya dera lathu (EPA) kuyambira m'mawa, amene munabwezedwa bwerani ndi chiphaso ndi timakalata tija munasomeka ku denga tione poyambira.