Mmene mungathanirane ndi HPV, kachilombo koletsa maselo kufa

HPV ndi kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Muyambe mwadziwa zomwe kamachita mkati mwa thupi. Selo lililonse mthupi mwathu lili ndi lamulo loti likawonongeka kapena likalowedwa ndi kachilombo lidziphe lokha, madokotala amati apoptosis, ndipo amene amalamula zimenezi ndi puloteni yotchedwa p53. Selo likafa kachilombo kamasowa poswanirana.

Ndiye HPV imapanga puloteni yake, E6, yomwe imagwira p53 mothandizana ndi E6AP ya selo lomwelo n'kuipititsa kokaphwanyidwa, kenako ina ya E7 imamanga Rb yemwe ali ngati mabuleki a selo, basi selo loti likanafa kalekale limangogawikana, DNA ikulakwikalakwika popanda woimitsa. Anthu ambiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri, koma kakakanirira, makamaka mtundu wa 16 ndi 18, mpamene pamabwera khansa ya khomo la chiberekero, ndipo mitundu iwiri yokhayi imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa imeneyi. Malawi ali mgulu la mayiko omwe amayi akufa nayo kwambiri padziko lonse, zimandiwawa zedi chifukwa ndi yopeweka.

Tsono chochita nchiyani? Mwana wamkazi wa zaka 9 mpaka 14 abayitse katemera, kuno kwathu anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019. Katemerayu amatchinga kachilombo kasanalowe mu selo, kakalowa kale sakatulutsa ayi, nchifukwa chake amabaya ana asanayambe zogonana. Zoti amatseka mimba ndi bodza, chonde musamumane mwana.

Amayi a zaka 25 mpaka 49 pitani mukayezetse ngakhale simukumva kupweteka kulikonse, matendawa amayenda mwakachetechete zaka 15 mpaka 20. Kuchipatala amapaka viniga pakhomo la chiberekero, VIA imeneyo, ndipo pamene pali maselo okana kufa aja pamayera. Akapeza musathawe, amawatentha ndi kachipangizo mphindi zochepa chabe, nthawi zambiri tsiku lomwelo, ndipo akakuuzani tsiku lobwerera mubwerere ndithu.

Ngati muli ndi HIV chiopsezo chimakwera pafupifupi kasanu ndi kamodzi komanso khansayo imatha kubwera pa zaka 5 mpaka 10 zokha, ndiye ma ARV osadumphitsa, ndipo mukapita kukatenga mankhwala muwafunse anesi kuti muyezetsenso liti. Abambo inunso kachilomboka mumakanyamula osadziwa, aperekezeni amayi ndipo akawatentha maselo aja mudikire masabata omwe achipatala anena musanakhalire limodzi.