Namwino wa ku Philippines akufuna kukagwira ntchito ku Britain: ayambire pati?

Mwafunsa za mnzanu amene ali ndi chiphaso cha unamwino cha PRC, bungwe lopereka ziphaso za ntchito ku Philippines, ndipo ali ku Manila. Ayambe ndi mayeso a Chingelezi, chifukwa pamenepa ndi pomwe ambiri amachedwera. Pa mayeso a IELTS akufunika 7.0, koma polemba 6.5 ikwana. Akasankha mayeso ena a OET apeze B, polemba C+. Ine ndingamulangize OET, popeza mafunso ake ndi a zam'chipatala zomwe amazidziwa kale.

Kenako alembetse pa intaneti ku NMC, bungwe loyang'anira anamwino ku Britain, ndipo PRC itsimikize chiphaso chake. Mayeso a unamwino a pakompyuta otchedwa CBT alembe akadali kwawo.

Chipatala chikamulemba ntchito chimupatsa chikalata chotchedwa Certificate of Sponsorship chopezera Health and Care Worker visa. Ayezetse TB. Asanyamuke asanatenge OEC, chikalata chomulola kukagwira ntchito kunja, ku Department of Migrant Workers ya boma la Philippines, ndipo aonetsetse kuti kampani yomupezera ntchito ndi yovomerezeka kumeneko. Kontirakiti aiwerenge modekha, makamaka gawo lonena ndalama zoti abweze akasiya ntchito msanga.

Mayeso omaliza, OSCE, oonetsa luso losamalira odwala, amachitikira ku Britain komweko m'malo ngati Northampton ndi Oxford. Mpaka atakhoza amagwira ngati wothandizira, malipiro ake ocheperako, choncho abale asayembekezere ndalama zambiri miyezi yoyamba.

Kuzolowera ndiye kovuta. Akulu pantchito amaitanidwa ndi dzina loyamba, odwala amafunsa chifukwa cha mankhwala aliwonse, ndipo kalankhulidwe ka ku Liverpool kapena Glasgow sikafanana ndi ka pamayeso. Akapanda kumva afunsenso mopanda manyazi, pakuti moyo wa wodwala uli pamenepo. Mu Disembala kumada cha m'ma 4 koloko masana, ndiye apeze msanga anzake a kwawo, ambiri amakumana kutchalitchi.