Kalembedwe ka nsalu ndi phula la njuchi motengera luso la Amiao a ku China

M'chigawo cha Guizhou, kummwera chakumadzulo kwa dziko la China, muli mtundu wa anthu otchedwa Amiao, omwe amayi ake amakongoletsa nsalu pojambulapo ndi phula la njuchi losungunula kenaka n'kuiviika mu utoto wabuluu wochokera ku masamba. Pamene padutsa phula utoto sulowapo, choncho phulalo likachotsedwa pamatsala maluwa oyera mbee pa nsalu yoderako ngati biriwita imene agogo athu ankavala. Masiketi amapindamapinda amene atsikana awo ambiri amavala povina motsatira chitoliro chansungwi chotchedwa lusheng amakongoletsedwa motere, ndipo mu 2006 boma la China lidaika luso la m'boma la Danzhai pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe choyenera kutetezedwa. Chandichititsa kulemba izi n'chakuti pafupifupi chilichonse chofunika pa ntchitoyi chili pakhomo pathu kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, makamaka phula, limene alimi ena a njuchi m'mphepete mwa phiri amangotaya akafinya uchi.

Yambani ndi utoto chifukwa ndiwo umachedwa. Amiao amagwiritsa ntchito chomera chotchedwa Strobilanthes cusia, koma kwathu kuno kumamera m'tchire zitsamba za mtundu wa Indigofera, zina mwa izo zotulutsa utoto womwewo, ndipo wogwira ntchito za nkhalango kapena mlangizi wa zaulimi angakuthandizeni kuzizindikira. Thyolani masamba aawisi, muwadzaze m'mbiya yaikulu, muthire madzi mpaka amire, ndipo muwatsindire ndi mwala. Pakatha masiku awiri kapena atatu nyengo yotentha, madzi amasanduka obiriwira ndipo amayamba kununkha. Apo vuulani masamba onse, thirani laimu wopakira nyumba pang'onopang'ono, ndipo muvundule mwamphamvu ndi mthiko wautali kufikira thovu litasanduka labuluu. Mukasiya usiku wonse, pansi padzadikha matope abuluu. Khuthulani madzi apamwamba mosamala, pakuti matopewo ndiye utoto wanu.

Matope amenewa paokha sagwira nsalu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Amiao amawasungunula m'madzi aphulusa, amathiramo mowa wampunga, n'kusiya mbiyayo kuti isase kwa masiku angapo uku akuvundula tsiku ndi tsiku. Madzi aphulusawo si achilendo kwa mayi aliyense amene adacheza chidulo cha therere, kungoti pano pafunika chochuluka ndiponso chaukali, chochokera ku phulusa la nkhuni zolimba. M'malo mwa mowa wampunga mungathe kuwiritsa nthochi zakupsa kwambiri, kusefa madzi ake ndi kuthira m'mbiyamo, popeza shuga wake amathandiza kuti utoto usungunuke. Mbiya yapsa pamene madzi ake apansi akuoneka obiriwira mosakanikirana ndi chikasu, pamwamba pali thovu labuluu ndi kachikopa konyezimira ngati mkuwa. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta phiri, mbiya imachedwa kwambiri, choncho iikeni pafupi ndi mafuwa ndipo muifundike chiguduli.

Pamene mukudikira, konzani nsalu. Ikhale yoyera ya thonje lenileni, chifukwa nsalu ya nayiloni kapena poliyesita sigwira utoto umenewu. Iwiritseni ndi sopo kuti mankhwala a ku fakitale achoke, muipake kumbuyo phala lamadzimadzi la ufa wa makaka, ndipo ikauma muisite kuti ikhale yosalala ndi yolimba ngati pepala.

Cholembera cha Amiao ndi kampeni kopangidwa ndi timapale tiwiri kapena titatu tamkuwa topyapyala, tooneka ngati kankhwangwa, tomangirira pa kandodo kansungwi. Phula limakhala pa mpata wa pakati pa timapaleto, ndipo mkuwa umasunga kutentha kuti lisaume msanga. Mmisiri wokhoma zidebe pa msika wa Chitakale, Luchenza kapena Bvumbwe angakupangireni mukamujambulira bwino, ndipo ndi nzeru kupangitsa tiwiri, kakang'ono ka mizere yosongoka ndi kokulirapo ka mizere yaitali.

Mtima wa ntchito yonseyi ndi kutentha kwa phula. Phula la njuchi limasungunuka pa madigiri pafupifupi 63, motero silifuna moto wamalawi. Kambale kachitsulo koikidwa pa phulusa lotentha la mbaula, makala atazilala, n'kokwanira. Likayamba kufuka utsi latentha mopitirira, ndipo lidzamwazika pa nsalu ngati mafuta pa nyuzipepala, komanso lingathe kuyaka. Likazizira limangokhala pamwamba, loyera ngati kandulo, ndipo utoto udzalowa kunsi kwake. Chizindikiro chodalirika n'kutembenuza nsalu: mzere wabwino umaonekera kuseri ngati panyowa. Viikani kampeni, kagwedezeni kamodzi kuti dontho lotsala ligwere m'mbale, kenaka kokani mzere mosaima panjira.

Amayi a ku Danzhai ambiri sayamba ajambula ndi pensulo. Amangodinda malire ndi chikhadabo, n'kutulutsa mbalame, nsomba ndi gulugufe amene nthano zawo zimamutcha mayi wa makolo awo. Zithunzi zimenezi zili ndi tanthauzo kwa eni ake, ndipo ine sindiona chifukwa choti tizikopere pamene tili ndi nsonga ya Sapitwa, tsamba la tiyi, khasu ndi ng'oma za tchopa. Woyamba kumene asachite manyazi kugwiritsa ntchito pensulo.

Poviika, onetsetsani kuti mbiya ndi yozizira, nyowetsani nsalu ndi madzi wamba, ndipo muilowetse pang'onopang'ono kuti musalowetse mpweya. Pakatha mphindi 15 kapena 20 itulutseni ndi kuiyanika pamthunzi, osati padzuwa pomwe phula lingafewe. Idzatuluka yobiriwira, koma mukuyang'ana pomwepo mpweya udzaisandutsa yabuluu. Kuviika kamodzi kumapereka mtundu wotuwa ngati thambo. Kuti ide bii muyenera kubwereza kambirimbiri kwa masiku angapo. Mukafuna mitundu iwiri, phimbani ndi phula malo ena pamene nsalu ikadali yotuwa musanapitirize. Phula likang'aluka pena ndi pena musadandaule, chifukwa timizere tabuluu tolowera m'ming'alumo Achaina amatiyerekezera ndi ming'alu ya madzi oundana, ndipo ogula ambiri amatifuna.

Pomaliza tsukani nsalu m'madzi ozizira, kenaka muiphike m'madzi owira kuti phula liyandame. Ivuuleni ndi ndodo, muichape ndi sopo, ndipo madzi a mumphikawo musataye: akazizira, phula lidzaundana pamwamba, litada chifukwa cha utoto, ndipo limeneli ndi labwino koposa pa nsalu yotsatira popeza mzere wake umaoneka bwino pa nsalu yoyera.