Kuoda Nsomba ku Nkhotakota pa Tsiku la Sitima

Wamalonda wa ku Kasungu amene akufuna kukaoda usipa kapena utaka ku Nkhotakota ayambe wafunsa tsiku limene sitima ya Ilala ifike, chifukwa pa tsikulo zinthu pagombe siziyenda monga mwa masiku onse. Sitimayi, yomwe inayamba kuyenda panyanja ya Malawi mu 1951, imachoka ku Monkey Bay kulowera kumpoto mpaka ku Chilumba itanyamula amalonda, katundu ndi alendo odzaona dziko. Ikafika pa Nkhotakota imaima patali ndi mtunda, anthu n'kumatsikira m'maboti ang'onoang'ono.

Anthu akachuluka chonchi, msodzi saumirira kugulitsa kwa woodayo. Mlendo amagula chambo chimodzi kapena ziwiri osanenerera, ndipo mtengo umenewo ndi umene ena onse amayamba kutchula, ngakhale kwa inu amene mwabwera ndi madengu. Anyamata onyamula katundu nawonso amathamangira kumene kuli ndalama ya msanga. Sindikuwanena, aliyense amakolola pamene mvula yagwa.

Choncho nyamukani kudakali masiku awiri sitima isanafike. Msewu wa M18 umadutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, kotero ndi bwino kuudutsa dzuwa lisanalowe. Mukafika, pezani kogona, kenaka mukalonjere akomiti yoyang'anira gombe kuti akudziweni. M'mamawa, asodzi a makoka otchedwa chilimira akamakocheza kuchokera kokawedza usiku ndi nyali, gwirizanani mtengo wa ndowa pomwepo, nsombazo zisanapite pathandala. Ngati mukugula zouma kale, pisani dzanja pansi pa dengu, pakuti usipa wosauma bwino umabisika pansi, ndipo umafika ku Kasungu utayamba fungo.

Musaiwale kuyang'ana mwezi ndi mphepo. Mwezi ukawala kwambiri usipa subwera ku nyali, ndipo mwera ukamaomba, makamaka mu June ndi July, mabwato ambiri salowa m'madzi. Zoterezi zikakumana ndi tsiku la sitima, mtengo umakwera pa zifukwa ziwiri: nsomba zachepa, ogula achuluka. Pamenepo kuli bwino kusunga mpamba wanu, kugona usiku wina, ndi kubwerera kugombe sitima itanyamuka kupita ku Likoma.