Momwe mungalimire malo a msipu mu Civilization VI kuti mzinda wanu ukule

Anzanga ambiri a ku Area 25 ndi ku Kawale amene angoyamba kusewera Civilization VI amalakwitsa chinthu chimodzi: akaona pobiriwira pa mapu, amathamangira kukhoma mzinda pomwepo. Masewera a pa kompyutawa, omanga mizinda ndi kukuza dziko, amene kampani ya Firaxis inapanga ndipo anatuluka mu 2016, amaseweredwa mosinthana ngati bawo, ndipo cholakwa cha poyamba chimakupweteka patsogolo.

Malo obiriwirawo amatchedwa Grassland. Mapu ndi ogawidwa m'tizigawo, ndipo kachigawo kamodzi ka msipu wosalala kamapereka chakudya 2 basi, mphamvu yomangira zinthu, imene masewerawa amati Production, palibe. Nzika iliyonse imadyanso chakudya 2 ulendo uliwonse. Choncho munthu wolima msipu wosakonzedwa amangodzidyetsa yekha, ngati mlimi amene wakolola zongofika mwezi wa Disembala.

Poyamba, Settler wanu, amene amakhazikitsa mzinda, asanakhale pansi, yang'anani madzi ndi zitunda. Mzinda wa m'mbali mwa mtsinje umayamba ndi Housing 5, ndiko kuti malo okhala nzika 5, pamene wopanda madzi uli ndi 2 yokha, ndipo anthu akatsala pang'ono kudzaza Housing, kukula kwa mzinda kumachedwa ngakhale chakudya chichuluke bwanji. Mzinda umagwiritsa ntchito malo osapitirira tizigawo 3 kuchokera pakati pake, ndiye onetsetsani kuti m'menemo muli zitunda ziwiri kapena zitatu. Chitunda cha msipu chimapereka chakudya 2 ndi Production 1. Ganizirani chidikha cha Lilongwe: dothi labwino ponseponse, koma miyala yomangira mumakaifuna kumapiri.

Kenako tulutsani Builder, wantchito wokonza malo. Ali ndi ntchito 3 zokha, akamaliza amazimiririka, choncho musamumwaze. Yambani pamene pali chuma kale: mpunga ulimidwe munda, ng'ombe zimangidwire busa, Pasture, mukaphunzira luso loweta ziweto la Animal Husbandry, miyala ikhale ndi malo oikumbira, Quarry. Fodya, tiyi ndi khofi zimapezekanso pa msipu, koma zimadikira luso lothirira la Irrigation. Chondiseketsa ine n'chakuti chimanga, chimene anachiwonjezera mu 2020, chimapereka golide osati chakudya. Amene anapanga zimenezi sanadyepo nsima.

Apa tsopano pali nkhani yeniyeni: kayalidwe ka minda. Munda umodzi, Farm, umawonjezera chakudya 1 ndi theka la Housing. Ndi zochepa. Koma mukafika pa Feudalism, limodzi mwa maphunziro a kayendetsedwe ka dziko, munda uliwonse umalandira chakudya china 1 pa minda iwiri iliyonse yoyandikana nawo. Ndiye musalime apa ndi apo ngati madimba a m'mphepete mwa Lingadzi. Ikani minda itatu yogundana, ngati mafuwa, kuti uliwonse ukhudze inzake iwiri. Mafuwa awiri otere ndi minda 6, ndipo minda 6 ndi imene imafulumizitsa Feudalism yomweyo. Ikangofika, tengani khadi la lamulo la boma la Serfdom, limene limapatsa Builder watsopano ntchito zina 2. Ine ndimasunga golide mpaka nthawi imeneyo ndipo ndimagula ma Builder awiri pakamodzi. Patsogolo kwambiri, luso la Replaceable Parts limachititsa kuti munda woyandikana uliwonse uziwonjezera chakudya, ndipo amene anayala bwino kale amangokolola.

Zitunda musazilime. Kumbani migodi mukaphunzira Mining, ndipo luso la Apprenticeship limawonjezera zotuluka m'migodiyo. Chakudya cha m'chidikha ndicho chimadyetsa anthu a mumgodi.

Dambo, limene masewerawa amati Marsh, limapereka chakudya 3 lisanakhudzidwe n'komwe. Lisiyeni masiku oyamba. Mukapeza Irrigation mutha kuliumitsa, mzinda n'kulandira chakudya chambiri pakamodzi, malowo n'kukhala munda.

Mkati mwa mzinda mangani nkhokwe, Granary, imene imawonjezera chakudya 1 ndi Housing 2. Ngati muli pa mtsinje, chigayo cha madzi, Water Mill, chimathandiza makamaka pamene pali mpunga.

Anthu ochulukawo ntchito yawo n'chiyani? Chigawo chapadera choyamba, monga Campus, chigawo cha maphunziro a sayansi, chimaloledwa pa nzika 1, chachiwiri pa 4, chachitatu pa 7. Chigawo chotere chimapha zokolola za pamalo pomwe chaikidwa, ndiye sankhiranitu kachigawo ka msipu wosalala kamene kali kunja kwa mafuwa anu, musakagumule munda umene Builder anavutikira.

Pa nkhondo, msipu wosalala sutchinjiriza msilikali, ndipo adani okwera pa akavalo amauwoloka mwachangu n'kuotcha minda. Oponya mivi aimike pa zitunda, pamene amapeza mphamvu zina 3 zodzitetezera, osati m'dambo mmene zimachepa. Minda yootchedwa Builder amaikonza osataya ntchito zake, choncho mmodzi wotsala ndi ntchito imodzi muzimusunga mumzinda.